Maliro amene ndinabisa ku Boston

Mpaka lero munthu akangotchula mzinda wa Boston wa ku Amereka, ndimasintha nkhani. Amati ndi mzinda wokongola, ndipo sinditsutsa, koma ine musandifunse kuti nyumba zake ndi zotani. Ndinauyenda ndi mapazi angawa, maso ali pa munthu mmodzi, dzanja lili pa foni m'thumba.

Tinapita awiri, ine ndi mnzanga wa ku Dedza amene ndinkawatcha achemwali chifukwa anali aakulu kwa ine. Iwo ankanditcha amwali. Tonse tinali anamwino kuno kwa Angerezi, pachipatala cha ku Nuneaton, tonse tinkakhala ku Erdington m'nyumba zija zogundana ngati mano, ndipo tinkakwerera limodzi popita ku mashifiti. Kwa zaka zingapo moyo wathu unali wodi, tchalitchi ku Smethwick, kukagula nsomba ku Cape Hill, basi. Amene anayambitsa ulendowu ndi mwana wamkazi wa achemwali, wobadwira konkuno, uja ukamufunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi. Tsiku lina akuwerenga za kusukulu anatiuza kuti kalekale anthu a ku Boston anakwiya ndi Angerezi mpaka anataya tiyi m'nyanja, mabokosi athunthu.

"Tiyi?" anafuula achemwali. "Amwali, mwamva? Kwanu ku Mulanje azakhali anu akuthyola tiyi mpaka msana kupindika, wina kungomukhuthulira m'madzi? Anthu amenewo ndikufuna ndikawaone ndi maso anga."

Mwana uja anatiseka, ati ife sitipita kulikonse, timangodziwa njira ya basi. Mawu amenewo anawalasa achemwali. Sanapume mpaka tinakafola ku London kupempha maviza, tinasinthana mashifiti ndi anzathu, tinabukitsa ndege yonyamuka Lachisanu, yobwerera Lamlungu madzulo. Ulendo wongokaona malo, kopanda ukwati, kopanda wodwala. Kwathu akanamva akanati tapenga.

Loweruka m'mawa, m'kachipinda kathu ka kuhotelo, achemwali analowa m'bafa akuimba. Foni yawo itangoponda ku Amereka inaleka kugwira, moti yanga yokha, yatsopano, ndiyo inkalira. Italira ndinaona kuti ndi amuna awo, ndipo ndinayankha ndikuseka kale.

"Alamu, mwawasowa kale akazi anu? Tsiku limodzi lokha?"

Sanaseke. "Alamu, muli nokha?"

"Akusamba."

"Tulukani panja kaye."

Ndinatuluka m'kakhonde, opanda nsapato. Mwamuna akakuuza kuti tulukani kaye ndi mawu otsika chonchija, sufunsanso kuti kwagwanji, umangodikira kumva kuti ndi ndani.

"Kumudzi sikuli bwino," anatero. "Apongozi anga atisiya. Anagwa kudimba dzulo, pofika nawo kuchipatala n'kuti atatha kale."

Ankanena amayi a achemwali. Mayi amenewo ndinkawadziwa. Chaka chimene ndinapita kumudzi ndinawapititsira katundu ku Dedza, ndipo anandisenzetsa thumba la kachewere, akundikalipira kuti Azungu akundimana chakudya.

"Mvetserani, alamu," anapitiriza. "Thupi lili kumotchale, achibale agwirizana kuti awadikira. Tikiti ya ku Malawi ndikuthamangira ine, anyamuka Lachiwiri. Kuno anthu ayamba kale kusonkhana panyumba. Chimene ndikupempha n'chimodzi: musawauze. Abwere kaye, afike pakati pa anthu."

"Ndiye mwandiuziranji ine?" ndinanong'ona mokalipa. "Mukanangondisiya nane osadziwa! Mukufuna ndiyende nawo masiku awiri ndikuseka?"

"Chifukwa aliyense akudziwa kuti foni yogwira ndi yanu. Anthu ayamba kuimba. Musaisiye m'manja mwawo. Bipi yawo mukuidziwa, alamu. Akagwa kumeneko mukawatola ndi ndani?"

Apo ndinakumbukira. Mchimwene wa achemwali atamwalira, wina wopanda nzeru anaimba foni pawodi n'kuwauza mosabisa ali pa shifiti. Ndinalipo. Anagwa pafupi ndi tebulo la mankhwala, kukamwa kutapotoka pang'ono, ndipo anagonekedwa m'chipatala chomwecho chimene ankagwiramo ntchito. Madokotala anati anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Tsono ndinkadziwa chimene ndinasenzetsedwa: kuwabweza ku Erdington ali chiimire, asanamve.

Kuchipatala anatiphunzitsa kuti wachibale umamukhazika pampando, umamuyang'ana m'maso, n'kumuuza mosazungulira kuti munthu wanu wamwalira. Ndinali nditachita zimenezo kambirimbiri. Koma kwathu uthenga wa maliro suuzidwa munthu ali pamsewu kwa eni. Amamuitana, amafika, amapeza anthu omugwira. Maliro n'kulirana. Zonsezo ndinkazidziwa, koma palibe anandiphunzitsa mmene umadyera chakudya cha m'mawa ndi munthu amene mayi ake ali kumotchale iye osadziwa.

Nditabwerera ndinawapeza akudzola mafuta, atavala buluku ndi juzi yofiira.

"Anali ndani?"

"Alamu. Amangofuna kumva ngati tinafika bwino."

"Osandidikira ine? Mwamuna ameneyo! Ndikamugulira kanthu kakang'ono kwambiri." Kenako anandiyang'anitsitsa. "Maso anuwo bwanji?"

"Tulo ta m'ndege," ndinatero. Limenelo linali bodza lachiwiri, ndipo tisanatuluke m'hotelo ndinali nditasiya kuwerenga. Ndinatsegula sutikesi, ndinatenga chitenje changa n'kuchiika pansi pa chikwama cha m'manja, osadziwa kuti ndichifuna liti.

Mumzindamo muli mzere wofiira umene anaujambula pansi, pena wa njerwa pena wa penti, wokutsogolera ku malo onse akale. Achemwali anaukonda zedi. Ankaponda pamzere penipeni ngati mwana wa sukulu, akuti Azungu a kuno ndi anzeru, ngakhale mbuzi singasochere. Tinalowa m'tchalitchi chakale choyera chokhala ndi mipando yotchingidwa ngati makola, banja lililonse khola lake. Tinaona nyumba yakale yathabwa, yotsika denga. Tinamvera bambo wina atavala chipewa cha makona atatu akufotokoza za nkhondo, thovu lili kukamwa. Achemwali ankandigwira mkono pena paliponse. "Amwali, taonani! Tajambulani!" Ine n'kumajambula ndi kakamera kathu ka filimu, osaona n'komwe chimene ndikujambula.

Foni ndinaitseka mawu, koma inkanjenjemera m'thumba la jekete ngati muli mbewa. Kuizimitsa sindikanatha, chifukwa alamu anati andidziwitsa za tikiti. Achemwali atalowa kuchimbudzi pa msika wina waukulu, ndinayankha kamodzi. Anali mayi wina wa kutchalitchi, wodziwika bwino ndi pakamwa, atayamba kale kulira mokweza.

"Mayo ine! Apatseni foniyo ndiwapepese!"

"Mayi, mukaimbanso pano ndikabwera kumeneko tidzaonana," ndinatero. "Kodi simunauzidwe? Kapena mukufuna maliro akhale awiri?" Ndinadula. Mulungu andikhululukire, mpaka lero mayi ameneyo amandipatsa moni wa kumphuno.

Pamsika pomwepo m'pamene achemwali anaima pa sitolo ya nsalu. Anatola sikafu yaikulu yaubweya, yobiriwira, n'kuikulunga m'mapewa mwanga kuti aiyese.

"Iyi ndi ya amayi. Ku Dedza mu Juni kumazizira, inu a ku Mulanje simungamvetse. Mukuona bwanji, iwakhala?"

"Ndi yabwino," ndinatero.

"Yabwino basi? Lero mwadya chiyani kodi? Tanenani, yobiriwira kapena yabuluu iyi?"

Abale inu, ndinasankha. Ndinaima pamenepo, mkazi wamkulu, wa mapemphero, n'kusankhira munthu wakufa mtundu wa sikafu. Ndinati yobiriwira. Iwo anati nawonso amaganiza choncho, chifukwa amayi awo amadana ndi buluu, amati ndi wa yunifolomu.

Masana tinafika kudoko. Achemwali anasuzumira m'madzi n'kunena kuti saoneka a tiyi ngakhale pang'ono, Azungu awa anangokokomeza. Kenako anatambasula dzanja.

"Tandipatsani foni. Loweruka amayi amakhala kwa mng'ono wanga kudikira kuti ndiimbe. Ndiwauze kuti mwana wawo ali ku Amereka."

Ndinaika dzanja pathumba. "Batire latha," ndinatero.

"Latha bwanji, poti yakhala ikunjenjemera tsiku lonse? Mukuyesa sindikumva? Amwali, kapena mwapeza chibwenzi?"

"Chabwino, silinathe. Koma kuimba ku Malawi kuchokera kuno pa foni imeneyi, adzandidula khosi."

"Kuumira! Mlomwe ameneyu!" Anaseka, anatembenuka, n'kulowa m'kagolosale kugula khadi yoimbira kunja. Ndinawatsatira ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Pakona panali foni ya pamsewu. Anakanda khadi ija ndi chikhadabo, anayamba kudina manambala, ine nditaima pambali ndikupemphera pemphero limene sindinapempherepo: Ambuye, mafoni a ku Malawi amavuta tsiku lililonse, lero asachite bwino. Ndinali nditayang'ana kale pamene ndingawakhazike akagwa, ndi mtunda wofika pamsewu pamene ambulansi ingaime.

Anadikira. Anadinanso. Anagwedeza mutu. "Yazimitsidwa. Mtsikana ameneyu foni amatchajira kusitolo, nthawi zonse imakhala yakufa."

Ndisanapume n'komwe, anati, "Basi ndiimbe kunyumba, khadi isapite pachabe."

Kunyumba ku Erdington, kumene anthu anali atadzaza kale! Ndinamva kulira kwa foni kuchokera pamene ndinaima. Anayankha ndi alamu. Achemwali anayamba kuwakalipira mwanthabwala, kenako anakwinya nkhope.

"Kodi ndikumva nyimbo? Akuimba ndani m'nyumba mwangamo?"

Ndinasendera pafupi. Sindinamve chimene alamu anayankha. Ndinangoona nkhope ya achemwali ikumasuka, kenako ikukwiya mkwiyo wina.

"Mapemphero a azimayi a kutchalitchi? Kwathu? Ine kulibe? Inu bambo inu, munakolopa? Makatani aja munachotsa pa sofa? Mwandichititsa manyazi!" Anabweza foni akung'ung'udza kuti mwamuna ukamusiya tsiku limodzi amaitana mpingo wonse kudzaona fumbi.

Chakudya chamadzulo sindinadye. Iwo anadya supu ya nkhono za m'nyanja, akuti aone chimene Azungu amachitamira, n'kunena kuti ndi phala lothira mchere. Ine ndinkangowayang'ana akumeza mapiritsi awo a bipi, n'kuwafunsa ngati amwadi onse awiri.

"Mwasanduka sisitala wanga liti?" anandifunsa. "Amwali, ngati pali chimene ndakulakwirani, nenani. Mwabwera nane kuno kuti muzindisungira mkwiyo?"

Pamenepo mawu anafika pamilomo. Ndinkafuna kunena, ndithu ndinkafuna. Zinkandipweteka kuti munthu akudziimba mlandu pamene wolakwa palibe. Koma ndinayang'ana m'chipinda chodyeramo: Azungu okhaokha, palibe ngakhale mmodzi wodziwa kugwira munthu wolira maliro. Ndinati mutu ukundiwawa.

Lamlungu m'mawa tinatsatira chigawo cha mzere wofiira chimene tinachidumpha dzulo lake. Kunja kunali dzuwa koma kozizira, masamba a mitengo atafiira. Tikuyenda pakati pa nyumba zitalizitali, mzere uja unatifikitsa pa chipata chachitsulo, ndipo mkati mwake munali manda. Manda enieni, pakati pa tawuni, miyala yakuda yopyapyala itapendekera uku ndi uku, ina atajambulapo zigaza zamapiko. Anthu anali piringupiringu m'menemo, ena akudya, ena akukankha ana m'tingolo, ena atatsamira miyala kujambulitsa.

Achemwali anaomba m'manja. "Ha! Amwali, bwerani mudzaone malodza! Manda asandutsa paki!"

Kwathu kumanda sulowako wamba. Umalowa tsiku la maliro, akuluakulu atatsegula njira, ndipo potuluka umasamba m'manja. Ngakhale kuloza ndi chala tinkaletsedwa tili ana. Ine ndinaima pachipata.

"Tiyeni tizipita, achemwali. Musalowe."

"Iii, mukuopa mizimu ya Azungu? Imeneyi inafa kalekale, ndipo Chichewa siimva." Analowa. Anayenda pakati pa miyala ija ndi juzi yawo yofiira, akuwerenga zaka mokweza, kenako anasankha mwala wina waukulu n'kuima pambali pake, dzanja m'chiuno. Anatulutsanso sikafu yobiriwira ija m'chikwama n'kuiponya paphewa.

"Jambulani! Chithunzi ichi ndikawatumizira amayi pamodzi ndi sikafuyi. Akachiona adzati, mwana iwe, kulowa kumanda popanda maliro, ukufuna kuitana chiyani? Adzandikalipira mwezi wathunthu!" Ankaseka mpaka kugwira pamimba.

"Achemwali, chonde, tulukanimo."

"Sindituluka mpaka mujambule."

Ndinakweza kamera. M'kagalasi kaja sindinkaona bwino chifukwa misozi inali itadzaza. Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzakumbukira mphindi imeneyi, adzakumbukiranso kuti ine ndinkadziwa. Ndikanakana akanafunsa chifukwa, ndipo ndege inali idakali kutali. Ndinadina.

Atatuluka anandipeza ndikupukuta m'maso. Ndinati ndi mphepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwa unamwino, mmene timayang'anira wodwala amene akuti sakumva kupweteka. Kuyambira pamenepo mpaka kubwalo la ndege nthabwala zinachepa, ndipo sanapemphenso foni.

Tinatera ku London Lolemba m'mawa, tinakwera basi yaikulu mpaka ku Birmingham, kenako takisi. Kunkagwa kamvula kaja kosatha. Takisi itayamba kulowa m'misewu ya ku Erdington ndinazindikira chinthu chimene alamu sanachiganizire: achemwali anali m'buluku. Mkazi salowa m'nyumba ya maliro, maliro a mayi ake omubala, atavala buluku pamaso pa mpingo wonse. Akanandida koposa ndikanawalola kutsika choncho.

Tisanakhote kulowa mumsewu wawo ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa chitenje chija, n'kuchiika pamiyendo pawo. Anachiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Ndani?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

Takisi inakhota. Magalimoto anali ndondondo mbali zonse za msewu. Sofa yawo inali panja, pakabwalo ka kumaso, ataifunditsa pulasitiki, chifukwa m'chipinda chochezera anali atayala matiresi pansi. Azibambo anali ataima pakhomo ndi maambulera, ndipo nyimbo inkamveka ngakhale mawindo anali otseka.

"Amayi," ndinatero.

Sanakuwe nthawi yomweyo. Ndinawagwira pamkono, chala changa chili pamtsempha mwachizolowezi, ndikuwerenga kugunda kwa mtima.

"Munadziwa liti?"

"Loweruka m'mawa. Mukusamba."

"Loweruka." Anachotsa mkono wawo m'dzanja langa pang'onopang'ono. "Ndiye munandisankhira sikafu. Munandijambula ndikuseka kumanda, amayi anga ali mufiriji."

Anatsika okha, anamanga chitenje pamwamba pa buluku, ndipo azimayi anatuluka n'kuwalandira asanafike pakhomo. Pamenepo m'pamene analira, kulira kwenikweni kwa kwathu, mpaka Azungu oyandikana nawo anasuzumira m'makatani. Azimayi anawagwira mbali zonse, ndipo panali anamwino okwana wodi yathunthu. Bipi inakwera koma sinawagwetse. Ntchito imene ndinapatsidwa ndinaigwira. Ndinakhala pakona pamatiresi, alamu anabwera kudzandithokoza, ine ndikulakalaka kuwatema ndi nsapato.

Anapita ku Malawi, anakaika amayi awo, sikafu ija anaiika m'bokosi. Atabwerako sanandiyankhule. Pawodi tinkapatsana malipoti a odwala m'Chingerezi ngati anthu osadziwana. Anayamba kukwera basi ina. Zinkandiwawa, ndipo nthawi zina ndinkapsa mtima ndekha kukhitchini: kodi ndinalakwa chiyani, poti ndinachita zimene aliyense wa kwathu akanachita? Kenako ndinkakumbukira juzi yofiira pakati pa miyala ija, mkwiyo n'kuthera pomwepo. Filimu ndinakatsukitsa, koma envulopu yake ndinaiponya m'dirowa osaitsegula.

Chisanu chitatha, tsiku lina masana ndili pa ofu, ndinamva kugogoda. Anali iwo, chitenje changa chili m'manja, chochapidwa, chosita. Sanakhale pansi.

"Zithunzi zija munatsukitsa?"

Ndinawapatsa envulopu. Anadutsa matchalitchi, doko, bambo wa chipewa uja, mpaka anachipeza. Chinali chopendekera, mutu wa mwala utadulidwa, koma iwo ankaoneka bwinobwino, kukamwa kuli yasa ndi chiseko. Ndinkadikira kuti aching'ambe pamaso panga.

"Ichi nditenga," anatero. "Pamenepa ndinali ndidakali ndi amayi. Aliyense ankadziwa kuti ndine wamasiye kupatula ine." Anachilowetsa m'chikwama. Atafika pakhomo anatembenuka. "Koma amwali, zikadzachitikanso, mudzandiuze. Ngakhale ndidzagwe, mudzanditole ndinu."

Ndinavomera ndi mutu, ngakhale mpaka lero sindidziwa ngati ndingathe. M'mawa mwake ndinawapeza pa siteji ya basi yathu yakale, atandisungira malo pansi pa ambulera.